Zilembo Zokanda Chomene

Sendererani kuno, a pakhomo pano ndi inu alendo. Wakhala kufupi ndi chitsekoyo atseke, mphepo ya Mzuzu siipempha odi. Amene ali ndi chifuwa atsokomoleretu, chifukwa ine ndikayamba sindiima, ndipo pena ndimayamba kuseka ndisanafike poseketsa, mundipirire. Ndikuuzeni za chikwangwani changa choyamba, ine amene sindinapondeko m'kalasi, ndi momwe zilembo zinandiphera ndili moyo.

Kwathu ndi ku Dedza. Kuno anandibweretsa ndi bambo a ana angawa, amene ankayendetsa lole yonyamula matabwa kuchokera kunkhalango ya paini. Munthu wa pamsewu: lero ali pano, mawa mwangotsala ndi fungo la dizilo pa jekete. Tinkakhala ku Chibavi, nyumba zikadali patalipatali, matope ofika m'akakolo. Chitumbuka ndinkachimwa ngati momwe nkhuku imamwera madzi, kujompha pang'ono n'kuyang'ana kumwamba. Ndinkadziwa monire wopatsira moni, yewo wothokozera, ndi chomene, amene ndi kwambiri wa kuno. Chomene ameneyu ndinkamukonda. Ndinkamuthira paliponse ngati mchere, kuti anthu aziti mayi wa ku Dedza uja wayamba kuchangamuka.

Pali kanthu kamodzi kosaseketsa, ndikanene msanga tidutse. Mimba yanga yoyamba mwana sanakhale. Bambo anali kumsewu, ndipo amayi oyandikana nawo amene anandithandiza anali abwino mtima, koma iwo akunena zawo ine ndikulira zanga, sitinkamvana. Nditaimanso kachiwiri ndinalumbira kuti ulendo uno sindichira popanda amayi anga ondibereka pambali panga. Nkhani yonseyi mutu wake ndi umenewo: amayi afike, andipeze, nthawi isanakwane.

Kuti ndisamangokhala n'kumawerenga malata a denga, chipinda cha kutsogolo tinachisandutsa tiyirumu. Mabenchi, ketulo yaikulu, makapu a chitsulo, ndi mandasi anga. Mandasi amenewo musawaderere. Ndinkakanda ufa mpaka uzilira pansi pa chikhatho, ndipo akalowa m'mafuta ankatupa ngati akwiya. Chimene chinkasowa n'chikwangwani, chifukwa anthu ankangodutsa n'kumanunkhiza m'mwamba osadziwa kuti fungolo likutuluka khomo liti.

Tsono ine ndi zilembo sitinkagwirizana. Kuchipatala, kudepoti, kumaofesi a boma, zilembo zonse zinali zowonda, zoima njo ngati apolisi, zikundiyang'ana n'kumanena za ine zimene sindikumva. Ndikazidutsa ndinkakonza duku.

Tsiku lina ndikuchokera kusikelo ndinalambalala matope n'kudzera ku Salisbury Lines, ndipo ndinatulukira pakhomo pa mmisiri wolemba zikwangwani. Mwini wake kunalibe. Matabwa anali atawatsamiritsa pampanda kuti aume, lililonse ndi mtundu wake wa zilembo. Zina zinali zowonda zija, apolisi anga. Zina zinali ndi timapazi pansi ngati zavala nsapato za ku tchalitchi. Zina zopendekera mbali imodzi ngati amuna ochokera kumowa, zina zogwirana manja osasiyana ngati ana owoloka mtsinje. Koma kumapeto kwenikweni, pa kathabwa koyeserera, panali zina zimene zinandiimitsa.

Zinali zonenepa, ana inu. Zozungulira, zopanda ngodya ngakhale imodzi, zofiira, zothithikana ngati ana okhuta akhala pamkeka umodzi. China chinali ndi mimba ngati yangayo. China chinkaoneka ngati changotsala pang'ono kugubuduzika n'kugwera m'ngalande. Ndinaima pamsewu ndekha n'kuyamba kuseka, khadi la sikelo lili m'manja. Bambo wina wodutsa pa njinga anandifunsa ngati ndili bwino, ine n'kumuyankha kuti chomene. Kuyambira kubadwa, aka kanali koyamba kuti zilembo zindisekerere m'malo mondikalipira. Ndinati mumtima, izi ndi mandasi olembedwa, izi ndi zanga.

Chimwemwe chimathamangitsa pakamwa. Sabata yomweyo mayi wina wa kwathu amene ankabweretsa kachewere kumsika ankabwerera ku Dedza, ndipo ndinamupatsira uthenga wa amayi, chikwangwani chisanakhomedwe n'komwe. Ndinati akawauze kuti akangomaliza kukolola nyemba anyamuke. Tsiku sitikanapangana, basi za masiku amenewo zinkafika pamene zafunira, ndipo ine ndi mimba yanga sindikanagona kudepoti. Ndinati amayiwo akatsika basi angotchula liwu limodzi, Chibavi, anthu adzawalozera ndi chala. Asafunse zambiri, adzawayankha m'chinenero choti mutu uzungulire. Akalowa mumsewu waukulu wa ku Chibavi angoyang'ana khomo la zilembo zofiira, zonenepa, zozungulira ngati mandasi otupa. Amayi naonso sankawerenga, koma mandasi ankawadziwa. Ndinatsindika kuti khomo lotero lidzakhala limodzi lokha Chibavi yense, sangasochere ngakhale atatsinzina diso limodzi.

Kenako ndinaitanitsa mmisiri uja. Anabwera pa njinga, munthu wamtali, woonda, jekete lake lili ndi dontho la penti wa mtundu uliwonse umene unapangidwapo, pensulo kukhutu. Anali wofatsa, waulemu, wolankhula Chichewa chothira Chitumbuka ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Ndinamupatsa tiyi ndi mandasi, n'kuyamba kukambirana mawu oti alembe.

Ankalemba pansi ndi kamtengo kuti ndione kutalika kwake. Ine ndinaloza chilembo china chozungulira ngati kamwa la mtsuko, n'kunena kuti chimenecho andiikire chambiri. Anaseka mpaka tiyi kumutsamwa. Anati zilembo si tomato woti n'kuikirapo banyira, chilichonse chimalowa pamene liwu lachiitana. Ndinati basi tipeze mawu ochiitana. Tinayesa awa, tinayesa awo, iye akutchula ine ndikuyang'ana pansi ngati kamwa la mtsuko latuluka, mpaka tinagwirizana pa akuti LOWANI, TIYI ALIPO, chifukwa chozungulira changa chinapezeka koyambirira ndi kumapeto komwe, ngati alonda awiri okhuta.

Atamaliza kuyeza pamwamba pa chitseko ndi chingwe, anatembenuka n'kundifunsa funso limene linabala zonse.

"Sono mama, zilembo mukufuna za mtundu uli? Zakututuŵa, panji zakughanda?"

Imani pamenepo, mumve ndi makutu anga a ku Dedza. Loyambalo ndinamva kuti zotuwa. Kwathu kutuwa ndi kwa mwana wosasamba, wa miyendo ya phulusa, wosadzola. Ndinati munthu uyu wandiona bwanji, wadya mandasi anga n'kumandifunsa ngati ndikufuna chikwangwani chotuwa? Lachiwirilo ndinamva kuti zokanda. Ndinati ameneyu ndi mmisiri weniweni, zilembo zake zonenepa zija amachita kuzikanda ngati ufa, n'chifukwa chake zimatupa chonchija.

"Zotuwazo ayi, bambo, mukapatse ena. Ine zokanda."

Anayang'ana mandasi m'mbale, anayang'ana mimba yanga, anayang'ananso ine. Anabwereza funso, pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala. Ine ndinaona kuti apa ndi pofunika kuonetsa kuti chinenero ndikuchidziwa.

"Zokanda chomene," ndinatero. "Chomene, chomene."

Anagwedeza mutu, anati yewo, anakwera njinga. Pambuyo pake anandiuza kuti njira yonse ankadziuza kuti anthu a m'chigawo chapakati amakonda zinthu zooneka ngati za ku ofesi, ndipo kasitomala satsutsidwa.

Chikwangwani chinabwera chitakulungidwa m'pepala la simenti, tsiku limene bambo a ana anali pakhomo. Ine ndinavala chitenje chatsopano ngati ndikulandira mkwatibwi. Ndinaitana ndi oyandikana nawo omwe. Atang'amba pepala ndinayang'ana, ndinapukuta m'maso, ndinayang'ananso. Ana inu, miyendo ya udzudzu ndi yonenepa. Zilembo zinali zitaima pathabwa ngati anthu a chaka cha njala, nthiti pamtunda. Ngakhale chozungulira changa chija chinali chitafota ngati mphete ya waya. Ukaima tsidya la msewu unkangoona thabwa loyera lokhala ngati nkhuku yapondapo.

Bambo a ana anakondwa kwabasi. Iwo anafika nayo patali pang'ono sukulu, ndipo anati chikwangwani ichi n'chaulemu, munthu akhoza kuyesa kuti muno mumadindidwa makalata. Anachikhoma, anabwerera m'mbuyo, anachiwerenga mokweza kawiri, m'mawa mwake n'kukwera lole yawo. Mmisiri, amene anachibweretsa yekha, anapita ndisanadandaule, chifukwa pamaso pa anthu sindikanayamba kukangana ndi mwamuna wa eni.

Ndisanapeze mpata wopita kukadandaula, m'mawa wina ndikutsegula chitseko ndinaona chofiira tsidya la msewu. Zilembo zanga. Zonenepa, zozungulira, zikusekerera pamwamba pa khomo la wometa.

Wometa ameneyu anali bambo wa ku Nkhata Bay, wamfupi, wamimba, wa nthabwala zosatha, kasitomala wanga wa tiyi wa m'mawa. Zaka zimenezo boma linali litaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndiye ntchito yake inkayenda ngati madzi a m'ngalande nthawi ya mvula. Ndinawoloka msewu ndi chipande m'manja. Ndinamuuza kuti waba zilembo zanga. Iye anati sanabe, mmisiri anamuuza yekha kuti mayi wa tiyi wazikana zakututuŵa, ndiye iye anangotola zimene zatayidwa. Ndinati ine ndinakana zotuwa, ndinapempha zokanda.

Anaika sizasi pansi. Anandiuza kuti ndibwereze. Nditabwereza anakhala pa benchi, anagwira mimba, misozi mbwembwembwe, munthu amene ankamumeta atatsala ndi tsitsi mbali imodzi. Atapezako mpweya anandimasulira kuti kuno kututuŵa ndiye kunenepa, kughanda ndiye kuonda. Anadzimenya pamimba n'kuti uku ndiye kututuŵa, analoza mwendo wa mpando n'kuti uku ndiye kughanda.

"Ndiye inu, mama, munapempha zoonda. N'kuthirapo chomene."

Ndinafuna kukwiya koma zinandikanika. Ndinaseka mpaka mwana m'mimba anayamba kumenya mateche. Koma kuseka kutatha ndinakumbukira uthenga uja. Amayi anali kudzafuna khomo limodzi la zilembo zonenepa Chibavi yense, ndipo khomolo linalipodi limodzi, la mwamuna wa eni wometa anthu.

Ndinapita kwa mmisiri. Mkazi wake anati kulibe, ndipo sabwera msanga. Kunkayembekezeka alendo akuluakulu a chipani mumzinda, ndiye aliyense wodziwa kugwira burashi anali atatengedwa kukalemba zikwangwani zowalandirira ndi kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu. Ntchito imeneyo sinkakanidwa, ndipo sunkafunsa kuti itha liti. Mayi wa kachewere uja sanabwerenso, nyengo yake inali itatha. Uthenga unali utapita, ndipo unalibe mchira woti n'kuukoka.

Ndinayesa nzeru zanga. Ndinasakaniza mwaye ndi mafuta okazingira, ndinakwera pa benchi ndi mimba yonseyo kuti ndizinenepetse ndekha ndi chala. Bambo wina wodutsa anaima n'kundifunsa mwaulemu kuti kodi mawu atsopanowa ndi a chinenero chanji. Mvula yowaza ya kuno inabwera n'kutsuka zonse, chikwangwani n'kutsala ngati chalira. Ndinamanga mandasi enieni pa ulusi n'kuwapachika pathabwa kuti amayi akaone chozungulira. Akhwangwala a ku Chibavi anandithokoza chomene. Ndinapempha wometa kuti aphimbe chake ndi chiguduli, iye anati kuphimba zilembo zotere ndi tchimo, makasitomala ake ayamba kutuluka akumwetulira. Koma analonjeza kuti akangoona mayi wachikulire wosenza dengu akuyang'ana m'mwamba, amuwolotsa msewu yekha atamugwira dzanja. Ine ndinasamutsira mbaula pakhonde kuti ndizikazinga maso ali pamsewu, mimba ikutsika tsiku ndi tsiku.

Tsiku limene amayi anafika kunali chifunga, chija chimene umaona munthu atakuponda kale. Mphepo inkazimitsa moto pakhonde, ndiye ndinabwerera kukakazingira kuseri kwa nyumba, ndikudziuza kuti ndi kanthawi kochepa.

Tsono alendo aja anali atayandikira, ndipo kunamveka mphekesera yoti achinyamata a chipani ayenda khomo ndi khomo kuyang'ana makhadi a chipani ndi tsitsi lomwe. Amuna a Chibavi yense anathamangira kwa wometa. Benchi inadzaza, ena anakhala pa njerwa, ena pansi, atafunda majekete, mitu ili pansi chifukwa cha kuzizira ndi mantha, palibe wolankhula. Pakati anaikapo mbaula kuti aziotha. Ometedwa kale sankachoka, ankaotha kaye, mipala ili mbee. Tsitsi linali mulu pakhomo.

Tsopano valani maso a amayi anga. Kwathu amuna sakhala pabwalo chete, mitu pansi, moto pakati, popanda chifukwa. Ndipo anthu ambiri sametedwa tsiku limodzi pakhomo limodzi pokhapokha maliro ataikidwa, pamene abale amameta kutsanzikana ndi wopitayo. Amayi anayenda ulendo wonse uja akudziwa zimene zinachitika pa mimba yoyamba. Anatsika basi, anatchula Chibavi, anawalozera. Anayenda akuyang'ana m'mwamba, anaona zilembo zofiira zonenepa monga ndinanenera, anatsitsa maso, n'kuona zimenezo.

Zotsatirazi anandiuza okha pambuyo pake. Anafika pafupi ndi wometa, amene anali atawerama pamutu pa munthu, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Bambo, kodi mwafika kale pometa?"

Wometa, wolonjeza uja, sanatembenuke n'komwe. "Kale, mama. Tinayamba dzana. Mwachedwa, anthu ngambiri."

"Nanga mwana?"

"Ana tinathana nawo poyambirira."

Dengu linagwa. Nyemba zinamwazika mpaka m'ngalande.

Ine kuseri ndinamva kulira. Sikunali kulira kwa kuno, kunali kwa kwathu, kokoka, kotchula. Ndipo mawuwo ndinawadziwa ndisanaike chipande pansi. Mutu wanga unathamangira kwina: amayi afika akulira pamsewu, ndiye kuti abambo anga kumudzi atisiya, abwera kudzandiuza. Ndinatuluka ndikulira nanenso, manja kumutu, mimba patsogolo, ndikuitana abambo anga. Ndinawoloka msewu osayang'ana njinga. Amayi anali atakhala pansi pakati pa nyemba, chitenje kumutu, akulira kuti mwana wanga wapita ndi katundu wake, wafera kuchilendo kopanda womumva. Ndinadzigwetsa pambali pawo n'kuwakumbatira, tonse tikulira, aliyense maliro ake. Amuna aja anaimirira, ena anavula zipewa. Mmodzi anayamba nyimbo ya maliro ya Chitumbuka, poganiza kuti pamenepa pafunika thandizo.

Ndinafunsa m'misozi kuti abambo apita liti. Amayi anavundukula chitenje. Anandiyang'ana. Anasuntha chakumbuyo ndi matako mpaka anagunda mbaula.

"Abambo ako ali kudimba," anatero.

"Nanga wamwalira ndani?"

"Iwe."

Ananditsina pamkono kuti aone ngati ndili ndi mnofu. Anagwira mimba, mwana anawamenya theche m'chikhatho. Apo m'pamene anayang'ana bwino: galasi pakhoma, mpando, sizasi m'manja mwa wometa amene anali ataima kukamwa kuli yasa, atakumbukira lonjezo lake mochedwa. Amayi anafunsa kuti nanga anthu onsewa akumetera yani. Wometa anayankha kuti akumetera boma, mama.

Woyamba kuseka anali bambo wa nyimbo uja. Kenako zinagwira onse ngati moto wa lupsa. Amuna amene m'mawa wonse anali ndwii ndi mantha anagwirana mapewa, ena anakhala pansi. Amayi anayesa kusunga ulemu wawo wa amvano, anakonza duku, anandikalipira kuti ndinawanamiza za khomo, koma pakati pa kukalipako mawu anathyoka n'kuyamba kuseka akulira. Amuna onse aja anagwada n'kutitolera nyemba imodziimodzi, ometedwa ndi osametedwa, kenako anawoloka msewu kudzamwa tiyi wa pamaliro anga. Mandasi anatha dzuwa lisanafike pamutu. Wometa ananyamula dengu yekha n'kuwolotsa amayi atawagwira dzanja, akuti lonjezo ndi lonjezo.

Nditawaonetsa chikwangwani changa, amayi anachiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati zilembozo ndimazipatsa chakudya.

Kaya ndi kulira kuja kaya ndi kuseka, sindidziwa, koma m'mawa mwake msana unayamba. Ulendo uno pambali panga panali munthu amene ndikabuula ankamva chimene ndikunena. Anandigwira, anandikalipira m'Chichewa cha kwathu, anandiimbira. Mwana anabwera wamkazi, wamasaya, wolira ngati ali ndi mlandu ndi dziko lonse.

Alendo a chipani atabwera n'kupita, mmisiri anatulukira ndi njinga yake, nkhani atayimva kale, chifukwa inali itafika mpaka ku Katoto. Anapepesa, ine ndinapepesa, tonse tikuseka. Ulendo uno sanafunse ndi pakamwa. Anabweretsa timatabwa take tonse toyeserera n'kutiyala pakhonde, akuti kasitomala wa ku Dedza aziloza ndi chala. Ine ndi amayi tinagwada n'kusankha ngati tikusankha nsalu. Amayi anakopeka pang'ono ndi za timapazi zija, akuti zikuoneka zopemphera. Ndinati tiyi wanga si wa pa mgonero. Tinaloza zonenepa. Popeza zofiira zinali zitapita kwa wometa, tinasankha zachikasu chofiirira, mtundu wa mandasi akangotuluka m'mafuta, pathabwa lobiriwira. Ndinamuuza kuti zinenepe kuposa za tsidya, ndipo anazinenepetsa mpaka zinkakankhana, chozungulira chakumapeto chinatsala pang'ono kugwera kunja kwa thabwa. Ana opita kusukulu ankaima n'kumazitchula mokweza, ndipo ine pomva iwo ndinadziwa kuti ichi ndi ichi, icho ndi icho. Mpaka lero mawu amene ndimatha kuwerenga ndi omwewo, ndipo ndimawawerenga bwino akakhala onenepa.

Asanapite, mmisiri anasuzumira mwana ali m'manja mwa agogo ake. Anamwetulira n'kunena kuti mwana uyu ngwakututuŵa chomene. Amayi anamukoka mwanayo n'kumubisa m'chitenje.

"Watuwa pati? Ndangomudzoza kumene."

Amayi anakhala nafe mpaka mwana atayamba kukhala pansi, n'kubwerera ku Dedza, kumene anakafotokoza nkhaniyi m'maliro enieni ambiri, anthu n'kumabisa nkhope m'zitenje. Anamwalira atakalamba, ndipo pa tsiku lometa maliro awo ine ndinaseka pang'ono, abale anandimvetsa. Bambo a ana anasiya lole maso atayamba kuvuta, n'kukhala wothira tiyi mu tiyirumu, koma mpaka tsiku lawo lomaliza ankati choonda chija chinali chaulemu. Anachisunga, ndipo chinakhala chitseko cha khola la nkhuku. Wometa anabwerera kwawo kunyanja lamulo la tsitsi litatha, akuti anyamata ayamba kumeta masitayelo amene manja ake sakuwadziwa. Mmisiri analemba zilembo zonenepa pa magolosale ambiri mumzinda muno, ndipo aliyense womufunsa dzina la mtundu umenewo ankamuuza kuti ndi zokanda. Manja atayamba kunjenjemera anasiyira ntchito mwana wake wamkazi. Khanda lija ndi mayi anu aja akhala apowo akunamizira kuti sakumva, amene anakaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi, n'kumakalipira ana a eni kuti azilemba zilembo zoongoka.

Ine ndi uyu mukundionayu, wolira maliro ake omwe n'kudzuka kukathira tiyi. Tsegulani chitseko tsopano, muone ngati chifunga chachoka.